Kaphukusi Kakang'ono Basi

LOLEMBA, Chitawira

Tsiku lija lafika! Ndege inyamuka ku Chileka masana ano. Ine, munthu amene kutali kwenikweni ndinafika pa chipata cha Mwanza, ndikupita ku Dublin.

Ulendowu ndi wa parishi. Tchalitchi china cha kumeneko chatiitana kuti tikacheze masiku ochepa, tikaone mzinda wawo pa njinga zopinda. Pa mndandanda tinalipo awiri m'nyumba muno, ine ndi akazi anga a Nambewe. Koma masabata atatu apitawa a Nambewe anaterereka pa masitepe ku msika wa Limbe, mwendo thyo! Pano ali pampando, chikhakha mpaka m'bondo. Ndiye tikupita anthu asanu.

Zikundiwawa, chifukwa woyenera ulendowu ndi iwo. Ku sekondale anawaphunzitsa sisiteri wa ku Ireland, ndipo kuyambira pamenepo Dublin sanachoke m'mutu mwawo. M'kalasi mwawo mwa Sitandade 7 ku Nkolokosa muli kalendala wakale wa zithunzi za mzindawo, wachita kuyera ndi dzuwa. Temu ino ndi yomaliza, akupuma ntchito. Ndipo alonjeza ana kuti Lolemba likubwerali aona zithunzi zenizeni, zojambula amuna awo.

Andilembera papepala zoti ndikajambule:
1. Mlatho woyera wa oyenda pansi, pa mtsinje wa Liffey
2. Chitsulo chachitali ngati singano, pakati pa tauni
3. Tchalitchi chachikulu chakale
4. Agwape a kupaki
5. Nyanja yamchere

Akuti, "Inu ndinu maso anga. Musakagone m'njira."

Sutikesi yanga ili ndi malaya anayi, mathalauza awiri, jekete, nsapato zapadera. Theka lonse mulibe kanthu. Ndikunyadira.

9 koloko, kugeti kwamveka odi. Mayi ena a ku Naperi, mwana wawo ali ku Dublin. "Kaphukusi kakang'ono basi, bambo." Kaphukusiko ndi ufa woyera, kolemera ngati mwana wa zaka zitatu.

Asanatuluke, odi wina. Kenako wina.

Wawauza ndani? A Chikopa! Tcheyamani wathu wa parishi, mtsogoleri wa ulendo, analengeza dzulo pa Misa zonse ziwiri, pa maiki, kuti amene ali ndi ana ku Dublin mwayi ndi umenewu. Ine ndinali kunyumba ndikusamalira wodwala.

Pofika 11 koloko ndili ndi:
ufa, matumba awiri
usipa wouma, wokulunga m'nyuzipepala
nandolo
tsabola wa kambuzi m'botolo la mafuta odzola
zitenje zitatu
mthiko (mthiko! ku Ulaya kulibe mitengo?)

Kukana? Umkana bwanji mayi amene anagona pansi masiku atatu pa maliro a bambo ako? Ndatulutsa jekete ndi nsapato kuti nandolo alowe.

LACHIWIRI, Dublin

Tafika. Kuno kuli chiperoni chosatha, mvula yake yopanda mphamvu koma yamakani. Jekete yanga ili pabedi ku Chitawira.

Watilandira ndi a Declan, mphunzitsi wopuma ntchito, nkhalamba yowonda ya akatumba a kabaza. Atipatsa zipinda m'nyumba ya alendo ya parishi, ndipo munthu aliyense njinga yake.

Njinga zake! Matayala ngati mbale zodyera. Chishalo chili pa kamtengo katalikatali. A Declan akugwira apa, kukoka apo, khwapu, njinga yasanduka kachikwama konyamula m'manja. Akuti nzeru yake ndi imeneyi: upalasa, ukafika pamalo upinda, ukwera nayo sitima kapena kulowa nayo m'nyumba.

Mayi Joakimu a ku Nkolokosa, a m'kwaya, aizungulira njinga yawo kawiri, manja m'chiuno. "Nanga keliyala ili kuti?"

Palibe. A Declan sakumvetsa funsolo. Atigawira pepala la dongosolo, chilichonse ndi nthawi yake, mpaka mphindi zomwera tiyi. Zinthu zonse zisanu za a Nambewe zilipo! Ndatsala pang'ono kuipsompsona nkhalambayi.

Madzulo tasonkhanitsa maphukusi a tonse asanu patebulo. Makumi awiri ndi atatu.

Ndapereka nzeru yabwino kwambiri: tiimbire eni ake, aliyense abwere adzatenge chake, nkhani yatha. A Chikopa andiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Akuti makolo sanatitume ufa. Ufa ndi pobisalira chabe. Anatituma kuti tikapereke m'manja, tikalowe m'nyumba, tikaone mmene ana akukhalira. Akudya? Akupemphera? Awonda?

Zoona, mayi a ku Naperi aja ananenadi zimenezo pogeti, ine ndinangoti eya eya.

A Chikopa akuti ndisadandaule, tizingosiya podutsa. Tayang'ana pa mapu. Palibe ngakhale mmodzi wokhala podutsa. Onse ali kunja kwa tauni, wina kum'mwera, wina kumpoto, ngati munthu wauzidwa kuti akaone Blantyre koma adzere ku Lunzu ndi ku Bvumbwe.

China: foni ya a Chikopa yakana kugwira ntchito kuno. Abwereka yanga kuti aziyang'anira njira. Kwa mawa lokha, akutero.

LACHITATU

Dongosolo la lero: mlatho ndi chitsulo chachitali.

Mayi Joakimu atsegula chikwama chawo ndi kutulutsa malegeni. Malegeni a ku Limbe, odula ku chubu! Anabwera nawo dala. Akuti munthu sayenda ulendo wa njinga wopanda chomangira. Mphindi makumi awiri, njinga zonse zamangidwa katundu kutsogolo ndi pansi pa chishalo. Yanga yasenza ufa. Foni yanga aimangirira pa handulo ya a Chikopa.

A Chikopa akuti tiyambe tatula zolemera ku Tallaght, n'pafupi pa sitima, pofika 11 koloko tabwerako.

Pa siteshoni: njinga imaloledwa m'sitima ikakhala yopinda. Njinga yomangidwa ufa sipindika.

Tamasula. Tapinda. Sitima yapita. Ina yabwera, yodzaza, ife tili ndi njinga zisanu, matumba asanu ndi atatu ndi manja khumi. Yapitanso. A Chikopa alamula kuti titambasule, timangenso, tipalase. A Declan apinda pepala lawo la dongosolo ndi kuliika m'thumba.

Maola awiri pa timatayala ta mbale, mvula kumaso. Matako anga sadzandikhululukira.

Mwana wa mayi a ku Naperi ndi namwino, wapempha tchuthi chifukwa cha ife. Waona ufa, walira. Ndati bwino, tsopano tizipita. Ayi! Tiyi. Pemphero. Mpunga ndi nkhuku. Kenako mafunso: wamwalira ndani, wakwatiwa ndani, msewu wa ku Naperi anaukonza? Mayi Joakimu ayankha zonse, ndi zimene sanafunsidwe zomwe.

Ndaponda phazi la a Declan pansi pa tebulo kuti atipulumutse. Iwo akuwonjezera nkhuku yachiwiri, akuti m'moyo wawo wonse sanalandiridwepo chonchi. Munthu wopanda thandizo!

Zithunzi za lero:
namwino atanyamula ufa
namwino ndi a Chikopa
kavidiyo ka m'kati mwa firiji ya namwino (mayi ake akufuna umboni woti amadya)
kavidiyo ka namwino akupereka moni kwa abale onse, mmodzimmodzi

Nyumba zina ziwiri za kufupi, zomwezomwezo. Mpunga katatu tsiku limodzi.

Uthenga wa a Nambewe: "Mlatho?"
Ndayankha: "Mawa."

LACHINAYI

Lero ndadzuka ndi mkwiyo. Ndanena pa kadzutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa, tisankhe chimodzi, ndipo lero ndi la tchalitchi chachikulu. Onse agwedeza mitu. Kenako a Declan anena mwaulemu kuti amayi osamalira nyumba akufunsa ngati m'chipinda china mwafa kanthu.

Usipa.

Ndiye usipa uyenera kuchoka lero. Koma njira yopita kwa mwini wake imadzera pa tchalitchicho, tidutsa pakhomo penipeni. Mtima pansi.

Tili pa maloboti, nsanja ya tchalitchi ikuoneka kumapeto kwa msewu. Ndakuwa kuti a Chikopa andipatse foni. Akuti dikirani, kamuvi ka pa mapu kakuzungulira.

Pomwepo kwatsika chimbalame choyera cha kunyanja, chachikulu ngati tambala, chamwano kuposa khwangwala wa ku msika wa Blantyre. Chang'amba nyuzipepala ya usipa pa njinga ya mayi Joakimu. Chaitana abale ake. Mayi Joakimu atulutsa ambulera. "Choka! Si wako uwu, ngwa mwana wa eni!" Pomenya mbalame amenya njinga yanga, njinga yanga yaganiza kuti ino ndiyo nthawi yopindika. Ine pansi. Thumba la nandolo phwa!

Akuluakulu asanu a parishi, tagwada m'mbali mwa msewu wa ku Ulaya, kutola nandolo mmodzimmodzi. Azungu odutsa akutithandiza. Mayi wina watijambula. Iye ali ndi chithunzi cha ku Dublin, ine ndilibe.

Tikumaliza, nthawi yolowera m'tchalitchi ija yadutsa kalekale, ndipo mwini usipa waimba kanayi kuti chakudya chikuzizira. Tadzera njira yachidule ya kuseri. Tchalitchicho ndachiona msana.

Mwini usipa ndi mnyamata wa ku Chitawira konkuno, amayendetsa basi. Mayi ake anatituma kuti tikaone ngati sakusungulumwa. Sakusungulumwa. Watsegula chitseko ndi mtsikana wa ku Brazil, khanda kumanja, mphuno yake ya agogo ake a ku Chitawira yeniyeni.

Mnyamata wandikokera kukhitchini. "Ankolo, please, musakanene kwa mami. Ndiwauza ndekha."

Mwanayo ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Adzawauza liti, pa ukwati wa mwanayo? Mayi Joakimu amukhazika pansi, amulalikira, mpaka wavomera kujambula vidiyo yopepesa, khanda lili pamwendo. Mphindi khumi ndi ziwiri. Mufoni yanga.

Foni yayamba kudandaula kuti malo akutha. A Chikopa afufuta nyimbo zanga zonse za kwaya osandifunsa.

Uthenga wa a Nambewe: "Ana akufunsa ngati agwape ali ndi nyanga."
Ndayankha: "Kuno netiweki ikuvuta."

Bodza loyamba pa zaka makumi atatu. Chabwino, loyamba la mtundu umenewu.

LACHISANU

Atsala maphukusi atatu okha, opepuka. Dzuwa latuluka! A Declan atulutsanso pepala lawo, aliwongola ndi dzanja. M'mawa agwape, masana nyanja. Ndavala chisoti, ndakwera njinga ndisanamwe ndi tiyi yemwe.

Foni yalira pa handulo ya a Chikopa.

Mnyamata wina wa ku Ndirande, wophunzira kuno, bambo ake amwalira usiku wathawu kumudzi. Amalawi akusonkhana ku Swords, kumene amakhala.

A Chikopa avula chisoti. Ine ndavulanso changa. Maliro n'kulirana.

Koma m'buku langa lino ndilemba zoona: ndakwiya. Ndakwiyira munthu wakufa amene sindikumudziwa, chifukwa chosankha tsiku ladzuwa. Ndipo ndachita manyazi ndi mkwiyo wangawo njira yonse.

Kanyumba ka zipinda ziwiri, pamwamba. Amayi akhala pansi pabalaza, ife amuna tandandana m'khonde la m'kati. Nyimbo zikuimbidwa chapansipansi kuopa oyandikana nawo. Malo oika njinga palibe, ndiye tazipinda zonse n'kuziunjika m'bafa. Aka n'koyamba kuti zipindike bwinobwino chifikireni. A Declan anyadira.

A Chikopa apemphedwa kuti anene mawu awiri. Anena kwa mphindi makumi anayi.

Mnyamata woferedwa sangathe kupita kukaika bambo ake. Wakhala pambali panga, wagwira dzanja langa osalisiya, akuti ndikufanana nawo mawu. Ine amene ndimaganiza za agwape! Wapempha kuti ndimujambule akulankhula kwa mayi ake, ndikawaonetse pamaso, chifukwa pafoni onse awiri amangolira. Kuti vidiyoyo ikwane ndafufuta ndekha zithunzi za ukwati wa mwana wathu Tadala. Zina zili kunyumba m'chimbale.

Potuluka ena onse amene tinawapatsa kale maphukusi, ndi amene tinalibe nawo kanthu, afola kuti nawonso ndiwajambule akupereka moni kwawo.

Tabwerera dzuwa litalowa. Agwape ayi. Nyanja ayi, ngakhale akuti inali kuseri kwa nyumba zomwe zija.

A Nambewe sanatumize uthenga lero. Zimenezi zandiopsa kuposa mafunso.

LOWERUKA

Ndege ndi yamadzulo. A Declan andinong'oneza kuti tizembe awiriwiri 7 koloko, opanda katundu, tikaone mlatho ndi chitsulo chija. Foni ndalanda, ili m'thumba langa.

7 koloko ndatsegula chitseko. Pakhomo pali mzere.

"Kaphukusi kakang'ono basi, ankolo."

Ambuye! Za kubwerera sindinaziganizire. Zafika:
nsapato, mapeya osawerengeka
chibulangete chonenepa ngati matiresi
makina opera zipatso
mafuta opaka mawondo
diresi la ukwati
mthiko uja, akuti anagula kale wina, ubwerere

Popeza kuntchito ku Limbe ndine wosunga katundu, a Chikopa andisankha kuti ndilembe maina pa phukusi lililonse. Ndalemba ngati wamisala.

11 koloko ndathawira pa khomo la kukhitchini. A Declan kutsogolo, ine pambuyo, kupalasa ngati tikuthamangitsidwa ndi agalu. Mvula yabwereranso. Akuti nthawi yatsala ya chinthu chimodzi chokha, ndisankhe. Ndati mlatho.

Ndipo ulipodi! Woyera, wopindika msana, tinyale pamwamba, chimodzimodzi pa kalendala. Ndapukuta magalasi, ndatulutsa foni, ndadina.

Malo atha.

Zanga zonse ndinafufuta kale. Zatsala ndi za eni: namwino, woyendetsa basi ndi khanda lake, mnyamata woferedwa, moni wa ana a anthu. Kuti mlatho ulowe, mmodzi atuluke.

Ndayang'ana a Declan. Atulutsa foni yawo, kafoni ka mabatani, kopanda diso lojambulira.

Ndatsegula vidiyo ya firiji, ndati iyi ndiye yachabe. Chala chili pamwamba. Koma m'vidiyomo mukumveka namwino akuseka, akuti, "Mami, onani, mazira alipo, musamadandaule." Ndatseka. Ndayesa ina. Iliyonse ili ndi mayi wake amene akhala akudikira pa geti langa mawa.

Ndabweza foni m'thumba. Ndatukwana a Chikopa chamumtima, maina awo onse atatu.

Ndaima pamenepo mphindi zisanu, madzi akutsika m'khosi, ndikuyang'ana mlatho mwamphamvu kuti ulowe m'mutu. Kenako a Declan aloza wotchi.

Pa bwalo la ndege a Declan atikumbatira tonse, akuti zaka makumi asanu ndi awiri ali mu mzinda uno koma sabata ino ndi imene wauona. Zabwino zawo.

LAMULUNGU, Chitawira

Tafika masana. Ndapeza anthu akhala kale pakhonde ndi pansi pa mpeyala, ena angochokera ku Misa osadzera kwawo. Foni yayenda dzanja ndi dzanja. Mayi a ku Naperi aonera firiji katatu. Mayi a woyendetsa basi akuwa, atukwana, kenako apempha kuti tiimike pamene khanda likuyasamula. Kwa mayi oferedwa ku Ndirande ndipita Lachiwiri.

Palibe wandifunsa ngati ndayenda bwino. Wina wadandaula kuti nsapato zake zapindika.

Onse atapita, a Nambewe atenga foni. Ayang'ana chithunzi chilichonse, mwendo uli pa kampando. Mabalaza. Makhitchini. A Chikopa akudya ndi ana a eni. A Chikopa akulankhula. Afika kumapeto, abwereranso koyamba, kuona ngati anadumpha china.

Ndaulula zonse, ndi bodza la netiweki lomwe. Ndati Tadala akhoza kutitsitsira zithunzi zokongola pa intaneti, ana sangadziwe.

"Za pa intaneti ndili nazo kale," atero. "Ndimafuna za maso anu."

Ndikanakonda akanandilalatira.

Agamula kuti mawa ndipemphe kuntchito, ndipite nawo ku Nkolokosa, ndikaime ndekha kutsogolo kwa kalasi. Ndiye basi. Ndikauza ana a eni kuti agwape sindinawaone, nyanja sindinaione, tchalitchi ndinachiona msana, koma ku Dublin kuli anthu a ku Naperi ndi ku Ndirande, amadya bwino, ndipo onse akupereka moni.

Akuti ndiyeserere pompano za mlatho. Atsinzina. Ndafotokoza zonse: kuyera kwake, kupindika kwake, tinyale, anthu owoloka ndi maambulera. Akumwetulira pang'ono.

"Nanga madziwo ndi amtundu wanji?"

Madzi! Mphindi zisanu zonse zija maso anga anali pa mlatho. Pansi sindinayang'anepo.

Ndawauza zoona. Maso awo ali chitsinzinire.

"Chabwino," atero. "Ana tikawauza kuti madziwo adzakaone okha."